Mwamuna Wobwereka wa Kusikelo

Ndakhala ndikugulitsa zitumbuwa pageti la chipatala chathu chaching'ono kwa zaka khumi ndi zinayi. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa mawa m'mawa ndiyenera kukakhazikanso dengu langa pomwepo. Ndingoti chili penapake pakati pa Ntaja ndi Nselema. Ine ndine Maness, kwathu ndi ku Ulongwe, kuno linandibweretsa ndi banja, ndipo banjalo litatha ndinatsala ndi geti. Munthu wa pageti amaona zambiri kuposa adokotala, kungoti palibe amamufunsa. Za Che Usumani ndinena ndekha osafunsidwa.

Che Usumani anabadwira kufupi ndi Nselema, m'banja la ana asanu ndi anayi. Sukulu analekeza sitandade folo. Atakula pang'ono anapita ku Joni monga amachitira anyamata onse a kuno, koma mwayi sufanana. Anzawo anabwerako ndi malata, iwo anagwidwa chaka chisanathe n'kubwezedwa ndi malaya omwe anavalawo. Amalume awo anawapatsa njinga yakale yobiriwira, n'kuyamba kabaza. Anakwatira a Salima, anabereka ana anayi. Anali munthu wosakonda phokoso, wosajomba kumzikiti, wa nkhope yofatsa yoti ukaiona umati uyu sangabe ngakhale mchere. Nkhope imeneyo ndi yomwe inawapezera ntchito yachiwiri.

Kunabwera lamulo lakuti mayi woyembekezera akamayamba sikelo azibwera ndi mwamuna wake. Amene analiganiza anali ndi mtima wabwino, sindikana. Ankafuna kuti abambo aziyezetsa magazi limodzi ndi akazi awo, azimva okha malangizo ndi makutu awo. Koma anaiwala kufunsa kuti amunawo ali kuti. Kuno ukhoza kuzungulira mudzi wonse osapeza mwamuna wosamera imvi, onse ali ku Joni, amaoneka pafoni basi. Wopanda mwamuna ankauzidwa kuti akatenge kalata kumudzi yomuikira umboni, ndiye kuti mimba ya miyezi iwiri aiulule pabwalo, chinthu choti mkazi wa kuno sauza ngakhale mnzake wa pachitsime. Ena ankabwezedwa, ena ankakhazikidwa kumapeto kwa mzere mpaka dzuwa kupendeka.

Akazi si zitsiru, anapeza nzeru yawo. Wina tsiku lina atatsika panjinga ya Che Usumani anawapempha kuti alowe naye mkati akangokhala phee pambali pake. Zinatheka. Mbiri inayenda m'zitsime ndi m'zigayo, ndipo pasanapite nthawi Che Usumani anasanduka mwamuna wa aliyense. Wolozera ndinali ine. Mayi akafika pageti yekhayekha, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati wataya mbuzi, ndinkadziwa kale vuto lake. Ndinkamukulungira chitumbuwa n'kumunong'oneza kuti, "Mwawaona bambo a njinga yobiriwirayo? Kalankhuleni nawo."

M'kachikwama ka panjinga ankasungamo kofiya yoyera ya Chisilamu, chipewa cha dzuwa ndi jekete yakuda. Lolemba ankakhala mwamuna wa Msilamu wa ku Nselema, Lachitatu n'kukhala bambo wa Chikatolika wodziwa kupinda manja. Chala chawo chinabayidwa poyeza magazi kambirimbiri, moti tinkawaseka kuti chasanduka sefa. Anamwino akale ankawadziwa bwinobwino, ankangoyang'ana kumbali. Wina ankachita kuwafunsa kuti, "Bambo, mitala yanuyi idzathera pati?" Ntchito yawo yonse inali kugwedeza mutu: chabwino amayi, tamva amayi, tichita amayi. Akatuluka pageti mawu onse ankawasiya pomwepo. A Salima, akazi awo enieni, sanawaperekezeko kusikelo ngakhale kamodzi, chifukwa ana awo anabadwa lamulo lisanafike.

Zinayenda choncho zaka zisanu, ndipo ine ndinkadziona ngati wothandiza anthu.

Fauziya anabwera Lachiwiri lina mwezi wa Ogasiti, nthawi yokolola nandolo. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, wa ku Nsanama, wokwatiwa ndi mnyamata dzina lake Ahmed amene anapita ku Joni atangomupatsa mimba. Ankakhala m'nyumba yosamaliza ya mwamuna wakeyo, moyang'anizana ndi ya mlamu wake Ramla, mchemwali wamkulu wa Ahmed, yemwe anapatsidwa udindo womulondera. Mimba ili ndi miyezi itatu Fauziya anabwerapo kusikelo, n'kubwezedwa. Anadikira mwamuna, mwamunayo n'kumangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa. Pofika tsiku limenelo mimba inali italowa mwezi wachisanu ndi chiwiri, isanayezedwepo. Ndinaona mapazi ake atatupa mpaka zingwe za silipasi kulowa m'thupi. Ndinaona, n'kumulozera njinga yobiriwira monga mwa masiku onse.

Tsoka lake, kapena ndinene mwayi umene tinauwononga, linali lakuti mkatimo munali namwino watsopano, a Anastasia, amene anali asanathe mwezi pachipatalapo. Sankawadziwa Che Usumani. Anali munthu wogwira ntchito ndi mtima wonse, wosathamangitsa mzere. Anamumanga Fauziya lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, anaona, anadikira pang'ono, n'kuyezanso. Anamutuma kukataya madzi m'kabotolo, n'kuviikamo kapepala, kapepalako n'kusintha mtundu. Atatero anatseka chitseko. Zimene zinayankhulidwa m'menemo anandiuza okha Che Usumani madzulo ake, mawu ndi mawu, chifukwa aka kanali koyamba kutuluka nawo mawu pageti.

"Bambo, mundimvetsere bwino," anatero a Anastasia. "Magazi a akazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo m'mkodzo mwapezeka chizindikiro chosakhala bwino. Lero akuyenda, akuseka, koma matenda amenewa amatembenuka tsiku limodzi. Ife kuno zipangizo tilibe. Lachinayi ku Liwonde, kuchipatala chachikulu, kumakhala sikelo yapadera ya amayi amene mimba zawo zili pachiswe. Akamuunika m'mimba ndi makina, akamuyeza magazi, mwina akamugoneka kuti azimuyang'anira. Mkuja, bambo, osati sabata yamawa."

"Tamva amayi."

"Ndikuuza inu chifukwa ndinu amene mumakhala naye m'nyumba. Mutu ukamupweteka kwambiri, akayamba kuona zachilendo m'maso, nkhope ikatupa, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti achibale akumane. Munthu akakomoka sadzitengera yekha kuchipatala."

"Chabwino amayi."

Anamupatsa Fauziya mapiritsi a masiku ochepa. Analemba kalata yomutumizira ku Liwonde, pamwamba pake n'kulembapo nambala ya foni ya Che Usumani ngati ya mwamuna wake, n'kuiika m'manja mwa Che Usumaniwo, osati mwa mwini mimba. Anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo sindiwaimba mlandu.

Atatuluka, Che Usumani anafuna kumupatsa Fauziya kalatayo, iye anabisa manja kumbuyo. Anati alamu ake amafufuza m'chikwama mwake nthawi zonse akachokera kwina, ndipo nambala ya m'bale wawo amaidziwa pamtima. Akaona nambala ina italembedwa kuti ya mwamuna, banja latha tsiku lomwelo. "Sungani inu, Che Usumani. Lachinayi tikumane pasiteji ya minibasi pa Ntaja." Che Usumani anaikulunga kalatayo m'pepala la shuga n'kuiika pansi pa chishalo cha njinga.

Lachinayi anadikira pasitejipo kuyambira m'mawa mpaka masana, akukana makasitomala. Fauziya sanabwere. Lachisanu atatuluka mumzikiti anapalasa njinga mpaka kumudzi kwake, ulendo umene mwamuna wobwereka sayenera kuyenda. Aliyense kuno amadziwa zimene anthu amanena akaona wakabaza pakhomo pa mkazi wa munthu wa ku Joni. Anapeza Ramla akupeta nandolo pabwalo, Fauziya atakhala pamkeka pakhonde, nkhope itatupa moti maso anangotsala timizere. Ananamizira kupempha madzi akumwa.

"Njira yonseyi madzi mwawaona pano pokha?" anafunsa Ramla osasiya kupeta.

"Ndimachokera kumtundaku, amayi, khosi lauma. Kodi achemwaliwa ali bwino? Akuoneka otupa."

"Mwayamba udokotala liti? Kutupa kumeneko ndi mwana wamwamuna. Ine ndabereka asanu ndi mmodzi, palibe anandiunikapo ndi makina. Achipatala angofuna akamucheke ndi mpeni. Mwini wake wanena pafoni kuti adikire, akubwera mwezi wamawa."

Fauziya anadzuka movutikira n'kubwera ndi kapu ya madzi. Pogwada kuti apereke, ananong'ona osayang'ana m'mwamba: "Akana. Musabwerenso." Che Usumani anamwa madziwo, anati sikomo, n'kukwera njinga yawo.

Lolemba m'mawa anabwera padengu langa atasowa mtendere. Anandifotokozera zonse, n'kundifunsa kuti atani. Tili m'kati mokambirana, a Anastasia anatulukira pageti kudzagula zitumbuwa za tiyi wawo. Atawaona Che Usumani nkhope yawo inawala.

"Amuna a Fauziya, mwadzuka bwanji? Ndimati ndikuimbireni lero. Munapita ku Liwonde?"

Che Usumani anayang'ana ine. Pa mphindi imeneyo ndinaganiza zambiri, ndipo zonse zinali zazing'ono. Ndinaganiza kuti akaulula, namwino watsopanoyu akanena kwa akuluakulu, ine andichotsa pageti. Ndinaganiza za akazi ena amene adzasowe wowaperekeza. Ndinadzinamiza kuti ndikuteteza banja la Fauziya. Za mapazi aja sindinaganize. Ndinawatsinzinira diso Che Usumani, n'kugwedeza mutu pang'ono, ndipo iwo anachita ntchito imene anaizolowera zaka zisanu.

"Tinapita amayi. Atipatsa mankhwala. Ali bwino."

"Zikomo kwambiri," anatero a Anastasia. "Abambo ngati inu ndi osowa. Mtima wanga watsika."

Ndinawaonjezera chitumbuwa chimodzi chabasera. Ndikakumbukira chitumbuwa chimenecho ndimafuna kulavula.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Lachitatu m'mawa Fauziya ali kusola nandolo pakhonde anauza mlamu wake kuti mutu ukumung'amba ndipo akuona ziphaniphani dzuwa lili phwee. Ramla anamuuza kuti akagone. Asanafike pachitseko anagwa n'kuyamba kuphiriphitha, thovu kukamwa. Anthu anathamangira, wina anati ndi majini, anafukiza ubani, anamuthira madzi, anadikira kuti atsitsimuke. Anatsitsimukadi pang'ono, kenako n'kugwanso. Dzuwa litafika paliwombo m'pamene anamukweza panjinga yamoto, Ramla atamukumbatira kumbuyo. Anadutsa pamaso panga pageti, mutu uli lendee, lilime ataliluma, magazi akutsikira pachitenje.

A Anastasia anamubaya jekeseni, anamuika diripi, anaitana ambulansi. Podikira galimotoyo anatuluka panja kudzayang'ana kumsewu, Ramla ali pambuyo pawo, ndipo maso awo anagwera pa Che Usumani amene anali ataima chiimire pansi pa mtengo wa mango atagwira njinga. Sanakuwe. Anayankhula ndi mawu otsika, koma pageti ponse panamveka.

"Bambo, akazi anu ali mkatimu. Munandiuza kuti munapita. Kalata ija ili kuti?"

Che Usumani anapisa dzanja pansi pa chishalo n'kutulutsa pepala la shuga lija. Kalata inali momwemo, yopindidwa bwinobwino, yosada ngakhale pang'ono.

"Akazi a ndani?" anafunsa Ramla.

Ine ndinali ndi pakamwa, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa kuti sipatopa, koma tsiku limenelo ndinaweramira m'dengu n'kumasanja zitumbuwa zosanjika kale.

Fauziya anamwalira m'ambulansi galimoto ikudutsa pa Nsanama, pafupi ndi pamene anabadwira. Mwana anapita naye limodzi. Atamuchotsa m'mimba kunapezeka kuti anali wamkazi, osati wamwamuna ngati ankanenera Ramla.

Imfa yokha sinawakwanire anthu. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale ku Joni kuti mkazi wa Ahmed anali ndi mwamuna wina wakabaza, moti mpaka achipatala ankamudziwa. Akuluakulu ena anagwedeza mitu n'kumati n'chifukwa chake mimba inamukana, mkazi woyendayenda sabereka bwino. Ahmed sanabwere. Anangotumiza mawu pafoni kuti mtembo usalowe pakhomo pake. Amayi ake a Fauziya anamutenga mwana wawo n'kukamuika kwawo ku Nsanama. Che Usumani anapita kumaliroko atavala kofiya yoyera ija, tsopano ngati iwo eni. Atayandikira kuti anyamuleko jeneza, chonyamulira mtembo chija, amalume a malemu anawagwira pachifuwa n'kuwabweza. Anayesa kufotokoza kuti mtsikanayo anamuona katatu kokha moyo wake wonse, koma ndani akanakhulupirira munthu woti ntchito yake inali kunama?

Ine ndinapita patatha sabata ziwiri, nditalimba mtima mochedwa monga mwa chizolowezi changa. Ndinawapeza amayi ake a Fauziya akuanika chinangwa. Ndinawauza zonse, kuti mwana wawo sanachite chigololo, kuti wolozera ndinali ine, kuti diso ndinatsinzina ndine. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Ndamva, achemwali. Kuti sanayendeyende ndinkadziwa kale, ndinamulera ndine. Ndiye mwabwera kuti mundibwezere?" Anapitiriza kuanika chinangwa chawo, ine n'kunyamuka.

A Anastasia anandiyankhula kamodzi kokha chichitikire zimenezo. Anaima patali ndi dengu langa n'kunena kuti ku Liwonde amayi odwala ngati Fauziya amawagoneka, amawayeza m'mawa ndi madzulo, zikavuta amamuchotsa mwana msanga, ndipo ambiri amatuluka ndi ana awo kumsana. Anati tikanangowauza zoona Lolemba lija, akanatuma alangizi a zaumoyo kumudziko tsiku lomwelo, ndipo Ramla sakanawabweza anthu aboma pakhomo. Za kubwereka mwamuna akanazisunga mumtima, chifukwa iwo ankafuna munthu wamoyo, osati mlandu. "Munandiyesa mdani," anatero, n'kubwerera mkati. Zitumbuwa zanga sanagulenso.

Che Usumani alipo, akupalasabe njinga yobiriwira ija, koma sanyamulanso anthu. Amuna a ku Joni analamula pafoni kuti mkazi wawo aliyense asakwerenso njinga imeneyo, amuna omwewo amene m'malo mwawo iwo ankabayidwa chala. Tsopano amanyamula makala ndi matumba a nandolo kupita nawo pa Ntaja. A Salima sanawathawe, koma pamsika amayenda kutsogolo ngati sakuwadziwa. Ndevu zawo zachita imvi msanga. Tikakumana timapatsana moni wa anthu odziwana zoipa, wamfupi, maso kumbali. Kalata ija ikadali pansi pa chishalo. Ndinawafunsa tsiku lina kuti akuisungiranji, anati anauzidwa kuti asunge, ndipo mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Akuti lamulo lija analifewetsa. Pakhoma anamatapo pepala lonena kuti mayi aliyense alandiridwe, kaya ali ndi mwamuna kaya alibe. Pepala ndi pepala. Obwera ndi amuna amalowabe koyamba, ndipo m'midzi mantha akale sanathe. Ntchito ya Che Usumani anaitenga mnyamata wina wa njinga yamoto, dzina lake Noah, amene amagwedeza mutu mwaluso kuposa iwo.

Sabata yathayi kunabwera mtsikana wina yekhayekha, n'kumayang'ana uku ndi uku. Anandiyandikira mwamanyazi n'kuti, "Amayi, akuti inu mumadziwa bambo woperekeza." Ndinayang'ana mapazi ake, zingwe za silipasi zinali zitalowa m'thupi. Noah anali pomwepo pansi pa mango, akudikira diso langa. Ndinavundikira dengu ndi nsalu n'kumuuza mtsikanayo kuti, "Pano palibe bambo. Tiye, ndikulowetsa ine."

Anatikhazika kumapeto kwa mzere, ndipo tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Anamuyeza kawiri, anamulembera kalata ya ku Liwonde, ine ndinaonetsetsa kuti ailandira yekha m'manja mwake ndipo mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi kwawo auzidwa. Palibe anandifunsa kuti ndine ndani wake. Palibe anandithamangitsa pageti. Nditatuluka ndinapeza mbuzi zagudubuza dengu, zitumbuwa zonse zatha, kwangotsala nsalu m'fumbi.

Ndinakhala pansi n'kulira mpaka anthu kundizungulira, akumati pepani amayi, mawa mukazinganso zina. Iwo ankayesa ndikulirira zitumbuwa. Ine ndinali nditangozindikira kuti moyo wa Fauziya unkafuna zokhazo, tsiku limodzi pabenchi ndi dengu limodzi lodyedwa ndi mbuzi, ndipo ndinamumana.